A Mbewe ndi lole ya ku Mphanje

A Mbewe anamwalira Lachiwiri masana m'chipatala cha ku Bolton, kuno ku England, momwe akazi awo, a Naphiri, agwiramo ntchito ya unesi kwa zaka zambiri. Uthenga unandipeza ndili m'tilamu, kasitima ka mumzinda, ku Sheffield, ndikuchokera kuntchito. Pagulu lathu la pafoni anthu anayamba kulemba kuti mtengo waukulu wagwa, kuti tataya kholo. Ena amene ndikudziwa kuti anali atasiya kuwapatsa moni analembanso zomwezo. Ine sindinalembe kanthu. Ndikulemba lero, chaka chitatha, chifukwa pamwambo wa maliro anthu analankhula za munthu wofatsa amene sanapondepo nyerere, ndipo a Mbewe akanadzuka m'bokosi akanawatsutsa.

Anali aatali, owonda, opanda mano anayi akutsogolo. Pamwamba pa mphumi anali ndi chigamba cha tsitsi loyera chimene anabadwa nacho. Kuno ankayendetsa kabasi ka nyumba yosamalira okalamba, ndipo ankayendetsa pang'onopang'ono mpaka magalimoto a m'mbuyo kuliza mahutala. Ndinawadziwa ndili wophunzira. Amalawi a kumpoto kwa England tinkakumana miyezi ingapo iliyonse muholo ya tchalitchi china ku Bolton, ndipo a Mbewe ndi amene ankatitenga pa siteshoni ya sitima. Ankatiitana tonse kuti "aphunzitsi," ngakhale amene ankaphunzira za makompyuta. Chimene sankapirira ndi munthu wokweza injini galimoto itaima. Mnyamata wina anachita zimenezi panja pa holo posonyeza galimoto yake yatsopano, ndipo a Mbewe anatsegula chitseko n'kuzula kiyi osalankhula mawu amodzi.

Nkhani yawo inali imodzi: dera la phungu la kwawo. Sankasamala za amene akhale mtsogoleri wa dziko. Ankati amenewo ndi mavuto a anthu a m'tauni. Iwo ankadziwa dera lawo lokha, koma ankalidziwa sukulu ndi sukulu, paliponse pamene pankaikidwa bokosi la mavoti. Ankatenga makapu atatu n'kuwaika patebulo. Kapu yoyamba inali kuphiri, midzi yakalekale kumene iwo anabadwira, anthu a tchalitchi chimodzi, okwatirana okhaokha, amene akagwirizana zinthu pamaliro ndiye kuti chisankho chatha. Kapu yachiwiri inali pamsika, a magolosale ndi aphunzitsi ndi a chigayo, amene ankayang'ana kumene mphepo ikulowera chifukwa ankafuna msewu ndi magetsi. Kapu yachitatu inali kumaesiteti a fodya, kumene kunali matenanti ochokera m'maboma ena, anthu opanda munda wawo, amene nthawi ya chipani chimodzi palibe amene ankawafunsa maganizo. Esiteti yaikulu kumeneko inali ya Mphanje.

Zipani zitachuluka, ankatero a Mbewe, a kuphiri anakakamira phungu wakale, a pamsika anagawanika, matenanti onse anapita kuchipani chatsopano. Phungu wakale anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Apo m'pamene akuluakulu anazindikira kuti anthu a m'zisakasa aja ndi ambiri. Pachisankho chachiwiri phungu anapambana mosavuta. Pamenepa a Mbewe ankangoti ku Mphanje chaka chimenecho anthu sanavote kwenikweni, n'kukankhira kapu yachitatu pambali, n'kuthamangira pachisankho chachitatu. Pachitatupo phungu yemwe uja anasintha malaya, nalowa chipani cha matenanti chimene tsopano chinali m'boma. A kuphiri anakwiya, naimika mwana wawo woima payekha, koma matenanti ndi a pamsika anabwezeretsa phungu pampando. Kuyambira apo dera silinakhazikikenso. Aliyense amene wapambana amakhala chisankho chimodzi n'kugwa.

Tinkamva nkhani imeneyi kambirimbiri mpaka ena tinkatha kuinena pamtima. Ana obadwira kuno ankathawa akangowona makapu akusonkhanitsidwa.

Ankakangana kwambiri ndi ife ophunzira. Tsiku lina mnzathu wina wowerengera chuma pakampani ina ku Manchester ananena kuti vuto la kwathu ndi anthu akumudzi, amene amagulitsa voti ndi mchere ndi nsalu. A Mbewe anamenya tebulo mpaka tiyi anatayikira pamalaya a mnzathuyo. Anamuuza kuti mchere anthu amalandira kwa aliyense wobwera nawo, chifukwa ndiwo zimafuna mchere, koma m'kachipinda kovotera munthu amakumbukira amene anabwera pamaliro a mwana wake, ndi amene anam'menya. Anawonjeza kuti ife timadziwa chisankho cha pafoni, sitinanunkhizepo denga likupsa. Mnzathuyo sanabwerenso kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Kuno kukakhala chisankho, a Mbewe ankavala jekete la Lamlungu, n'kuimbira foni aliyense wa ife amene anali ndi ufulu wovota. Iwo ankafika oyamba. Kamodzi ndinapita nawo. Munali m'kalasi ya ana aang'ono, amayi awiri okalamba atakhala patebulo, pensulo yomangiriridwa chingwe, wapolisi osaoneka ndi mmodzi yemwe. Atavota anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana anthu akulowa ndi agalu awo, mpaka mmodzi wa amayi aja anawafunsa ngati akumva bwino m'thupi.

Za mano awo ankanena akuseka. Inali nthawi ya chisankho chachitatu. Iwo anali dalaivala wa lole ya phungu, koma phungu atasintha chipani iwo anakana kumutsatira chifukwa abale awo onse a kuphiri anali mbali ina. Anyamata a phungu anawatchingira pamlatho dzuwa lili paliwombo. Anawatsitsa panjinga, kuwagwetsa pamatabwa a mlatho, mmodzi n'kuwamenya pakamwa ndi chitsulo chomasulira matayala. Ankati anameza dzino limodzi, atatu enawo anawasiyira nsomba. Anagona m'chipatala cha mishoni milungu itatu, ndipo amene ankawatsuka mabala anali a Naphiri. Nkhani imeneyi tinkaikonda. Tinkawaona ngati munthu amene anavutikira ufulu wa voti. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti lole ya phungu ija inkanyamula chiyani iwo asanakangane naye.

Zinaululika Loweruka lina masana, mwezi wa Julaye, tikukondwerera ufulu wa dziko lathu muholo ija. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera kutali. Pakati pawo panali nesi wina wa ku Middlesbrough, dzina lake Esinala, wa zaka za m'ma makumi atatu, amene anali asanabwerepo pamisonkhano yathu. Anakhala patebulo lathu chifukwa mipando ina inali itadzaza. A Mbewe, ataona nkhope yatsopano, anayamba kusonkhanitsa makapu.

Esinala anamvetsera. Ndinaona kuti sakuyang'ana makapu, akuyang'ana pamutu pa a Mbewe. Atafika pachisankho chachiwiri n'kukankhira kapu pambali, iye anaigwira n'kuibwezera pamalo pake.

"Pepani bambo," anatero. "Mwati ku Mphanje sanavote. Chinawaletsa n'chiyani?"

"Kunali tizipolowe pang'ono, mayi. Mukudziwa za kwathu."

"Tizipolowe."

"Eya. Achinyamata."

"Lole imene inabweretsa achinyamatawo inali yobiriwira, galasi lakutsogolo long'aluka. Ankayendetsa ndani?"

Esinala anaimirira pang'onopang'ono. Patebulo panali fulasiki yaikulu yachitsulo, yodzaza tiyi. Anaigwira ndi manja awiri n'kuwamenya nayo pankhope.

Phokoso lake linali ngati la mpini pathungwa. A Mbewe anagwa chagada pamodzi ndi mpando, tiyi wotentha akuwatsikira m'khosi. Chikope chinang'ambika, magazi anadzaza diso n'kuyenderera m'khutu. Esinala anazungulira tebulo, nawamenyanso paphewa, fulasiki n'kumupulumuka. Anatola mpando wachitsulo. Amuna awiri anamugwira asanautsitse, koma anawakoka onse awiri mpaka tebulo linagubuduka, mbale zikusweka, ana akulira. Ankakuwa dzina limodzi mobwerezabwereza.

"Malizani! Malizani! Mukuwadziwa a Malizani? Ndi bambo anga! Ndinali pansi pa ngolo, ndinakuonani, tsitsi lanu lomwelo!"

Muholo munali manesi osachepera khumi, koma kwa kanthawi palibe amene anasuntha. A Naphiri ndi amene anayamba. Anakoka nsalu ya patebulo, kuipinda, n'kuipanikiza pachikope cha amuna awo. Abusa ankati mayiyu wasokonezeka mutu, mutulutseni panja. Mnzathu wina anali atayamba kale kumukankha Esinala kumka kukhomo.

"Musiyeni," anatero a Mbewe ali pansi. Mawu ankatuluka ndi magazi. "Musiyeni mwanayo. Akunena zoona."

Woyang'anira holo, mzungu wachikulire, anali ataimbira apolisi. Atafika anapeza a Mbewe atakhazikidwa pampando, nsalu ili kumaso. A Mbewe anawauza apolisi kuti anaterereka pa tiyi n'kugwera pakona ya tebulo. Wapolisi anayang'ana fulasiki yophwanyika, nayang'ana Esinala amene anali ataima pakhoma, nafunsanso kachiwiri. A Mbewe anabwereza zomwezo. Tonse tinayang'ana pansi. Kuchipatala anawasoka, koma diso lamanzere silinaonenso bwino kuchokera tsiku limenelo.

Patatha milungu itatu a Mbewe anandiimbira foni. Anati ndi diso limodzi sangayendetse ulendo wautali, ndiwaperekeze ku Middlesbrough. Anali atapempha nambala ya nyumba ya Esinala kwa nesi wina. Ndinawatenga m'mawa, ndipo titangotuluka mu Bolton anayamba kulankhula osandiyang'ana.

Kunali kutatsala masiku atatu kuti anthu avote pachisankho chachiwiri. Anauzidwa kuti atenge anyamata pamsika, awatule ku Mphanje. Anyamatawo anali atamwa kachasu kuyambira m'bandakucha, atanyamula zikwanje ndi zibonga. Ntchito yawo inali yolanda ziphaso zovotera za matenanti n'kuzitentha. Anafika dzuwa litakwera pang'ono, anthu ali m'zigafa kusankha fodya. Koma ziphaso sanazipeze. Kapitawo wina wodziwa kuwerenga, a Malizani, anali atamva mphekesera, nasonkhanitsa ziphaso za anzake n'kuzikwirira m'chitini. Anawamenya ndi zibonga, sananene. Anayatsa zigafa ziwiri, fodya wa chaka chonse n'kupsa anthu akuona, sananene. Mayi wina anathamangira m'moto kukapulumutsa mabelo, natuluka chitenje chikuyaka. Anyamata aja ankaseka.

Kenako wamkulu wawo anati dzanja lovotera lichoke. Anawagoneka a Malizani pansi, mkono wamanja pachipika chowazirapo nkhuni. Koma anali munthu wamphamvu, ankaubweza mkono nthawi iliyonse.

"Ine ndinali m'lole," anatero a Mbewe. "Ndikanatha kukhala momwemo. Wina anakuwa kuti adalaivala, bwerani mutithandize. Ndinatsika. Palibe amene anandigwira. Ndinaponda mkono pachigongono ndi nsapato yanga, ndi thupi langa lonse. Chikwanje choyamba sichinamalize. Anatema kachiwiri."

Tinali pamsewu waukulu, malole akutidutsa.

"Ndinabwerera m'lole, ndinaliza injini, ndinaponda mafuta mpaka pansi kuti ndisamve. Koma ndinkamvabe. Madzulo ake matenanti anathawira kutchire. Tsiku lovota, bokosi la ku Mphanje ndinalinyamula ndine ndemwe, ndi dzanja limodzi. Linali lopepuka."

Palibe amene anamangidwa. Ndinawafunsa ngati a Naphiri ankadziwa. Anati ankadziwa za lole, za phazi anamva usiku wa tsiku la fulasiki. Ndinafunsanso kuti anyamata amene anawagulula mano pamlatho anali omwewo kodi. Anati wa chitsulo uja ndi yemwe anagwira chikwanje.

Nyumba ya Esinala inali pamzere wa nyumba zolumikizana, chitseko chotsegukira mumsewu momwemo. Anatsegula atavala yunifomu, akukonzekera shifiti ya masana. Sanatilowetse. A Mbewe anavula chipewa, nagwada pasimenti yonyowa, anthu akudutsa ndi matumba a kusitolo.

"Dzukani, mukundichititsa manyazi kwa aneba," anatero Esinala. "Dzanja silinali langa. Eni ake ali moyo."

Anatulutsa foni, naimba, nakweza mawu kuti timve tonse. Inaitana nthawi yaitali. Kenako kunamveka tambala, ndi mawu a nkhalamba. Esinala anawafotokozera mwachidule amene wagwada pakhomo pake.

"Ndinu a nsapato zazikulu aja?" anafunsa a Malizani.

"Ndine, bambo."

"Zinali zatsopano."

"Anatigulira phungu."

"Ndinaziona bwino. Nkhope yanu sindinaione, anaiona ndi mwanayo." Anatsokomola. "Chisankho chotsatira ndinavota. Anandiviika chala chakumanzere mu inki. Ndipo ndinavotera phungu wanu yemweyo, poti anali atalowa chipani chathu. Ndinamva kuti inu anakugululani mano."

"Anandigulula."

"Ndiye kuti tonse anatidya munthu mmodzi. Koma inu mukutafunabe ndi a m'mbali. Ine khasu sindinaligwirenso. Ana anga awiri anasiya sukulu, uyu yekha ndi amene amishoni anamutola."

"Bambo, ndabwera kudzapepesa."

"Ndamva. Za kukhululuka mukafunse kwa Mulungu, ndiye ali ndi nthawi. Ine ndakalamba. Esinala, usachedwe kuntchito."

Foni inaduka. Esinala anakhoma chitseko, natidutsa, napita kukakwera basi osacheuka. A Mbewe anavutika kudzuka, ndinawagwira m'khwapa. Paulendo wobwerera anangondiuza kuti ndikuthamanga kwambiri.

Gulu lathu linagawanika. Ena anati zakale n'zakale, tonse tili ndi abale amene anachita zinthu nthawi imeneyo. Ena anasiya kuwapatsa moni, ena analetsa ana awo kukwera galimoto yawo. A Mbewe anatula okha udindo wa ukulu wa mpingo. A Naphiri ankabwera kutchalitchi pabasi kwa miyezi yambiri, amuna awo akubwera okha pagalimoto. Mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri anawafunsa m'Chingerezi, pamaso pa anthu, ngati n'zoona kuti anadula munthu dzanja. Iwo anamuyankha m'Chichewa kuti wina anadula, iwo anaponda, ndipo n'chimodzimodzi.

Sanasiye kubwera kuholo, ndipo sanasiye makapu. Chimene chinasintha n'chakuti akafika pachisankho chachiwiri ankanena zonse: lole, zigafa, chipika, nsapato. Ankanena kwa aliyense, ngakhale kwa wophunzira amene wafika dzulo lake ndipo akungofuna kudya. Anthu ankadzuka patebulo chakudya chili m'mbale. Abusa anawatengera pambali, nawauza kuti analapa kale, magazi a Yesu anatsuka, asamasokoneze anthu pachisangalalo. Mkangano wake unamveka mpaka kukhitchini. A Mbewe ankati kwa zaka zambiri akhala akunena mbiri ya dera lawo ndi bowo pakati, ndipo ife ophunzira tinkaombera m'manja. Tsopano aliyense wofuna kudziwa chifukwa chake phungu uja anapambana mosavuta amve zonse, wosafuna asamukire tebulo lina. Ambiri anasamuka. Ine ndinkakhala, osati chifukwa cha kulimba mtima. Ndinali nditamva kale.

Sindikudziwa ngati ndinawakhululukira, ndiponso si ine woyenera kutero. Ndi munthu yemweyo amene anandidikirira maola awiri pasiteshoni m'chisanu sitima yanga itachedwa, nandivalika jekete lake. Zinthu ziwirizi ndimazinyamula zonse, sizisakanikirana.

Anagwa ndi sitiroko akutsuka kabasi ka kuntchito, nagona masiku anayi osalankhula. Thupi linapita kumudzi, kuphiri. Esinala sanabwere pamwambo umene tinachita kuno, ndipo palibe amene ankayembekeza kuti abwera. Ndinamva kuti a Malizani anamwalira miyezi ingapo pambuyo pake.

Sabata yatha a Naphiri anandipempha kuti ndikawathandize kuchotsa katundu pakadimba kamene a Mbewe ankabwereka kuseri kwa njanji, chifukwa akuti pali wina amene akukadikira. Ndinali ndisanafikeko. Ndi kamalo kakang'ono pakati pa madimba a azungu okalamba, kokhala ndi mizere yokwezeka ngati ya kwathu, pamene anzawo onse amalima pafulati. Mizereyo yagumuka ndi mvula. Mpiru unakula wopanda wothyola, unachita maluwa, unagwetsa njere, ndipo wamera wokha m'njira monse. Mapesi a chimanga chimene sichinkakhwima konse m'dziko lino akadali chiimire, akuda ndi nkhungu. Minga ya kumpanda yalowa mpaka pakhomo pa kashedi. M'katimo tinapeza khasu limene anabwera nalo m'sutikesi, mabotolo a mbewu olembedwa ndi dzanja lawo, ndi bokosi lamatabwa lovundikira limene ankakhalapo, lotembenuzira kukhoma. A Naphiri anatenga khasu lokha. Zina zonse anati zisiyeni, wobwerayo aona chochita nazo. Tinatseka geti, sitima ya ku Manchester ikudutsa pamwamba pathu.